Kuphunzitsa chitetezo pa saiti: yambani ndi waganyu amene wabwera lero

Ine ndine kapitawo. Ndagwira ntchito ya zomangamanga zaka zoposa 15, kwambiri mu Lilongwe, nthawi zina ku Blantyre, kamodzi ku Chikwawa komwe dzuwa la Okutobala linandiphunzitsa ulemu. Ndinayamba ngati dakaboyi, kukandira daka abilikileya amene ankandikalipira kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Za chitetezo palibe anandiuza. Tsiku loyamba anangondipatsa fosholo n'kundilozera mulu wa mchenga. Ndikulembera akapitawo anzanga, makontirakitala ang'onoang'ono, komanso inu amene mukumangitsa nyumba yanu ku Area 49 kapena ku Chileka ndipo mukuganiza kuti nkhaniyi ndi ya makampani akuluakulu okha.

Chaka china mu Januwale tinkakumba dzenje la sepitiki thanki kuseri kwa nyumba ina. Mvula inali itavumba usiku wonse. M'mawa kunabwera mnyamata wochokera cha ku Dedza kudzafuna ganyu, ndipo poti mmodzi mwa okumba athu anali kumaliro, ndinamulemba pageti pomwepo. Ndinamupatsa piki, n'kumulozera dzenje, ine n'kuthamangira kutsogolo komwe lole inkatsitsa kwale. Dzenjelo linali litafika pafupifupi mamita 2, dothi lonse lofukulidwa titaliunjika m'mphepete mwenimweni. Isanakwane 10 koloko ndinamva mfuu. Mbali imodzi inali itagumuka n'kumukwirira mpaka m'chiuno. Tinamufukula ndi manja. Anathyoka mwendo koma moyo unatsala. Nditapita kukamuona kuchipatala anandiuza kuti mng'alu anauona, dothi likuyoyoka pang'onopang'ono analiona, koma anaopa kutuluka. Ankati abwana amuyesa waulesi, ganyu n'kuthera tsiku loyamba lomwelo.

Maso anali nawo mnyamatayo. Chimene analibe n'chilolezo chotuluka m'dzenje, ndipo woyenera kumupatsa chilolezocho ndinali ine. Kuyambira pamenepo kaphunzitsidwe kanga kanasintha.

Watsopano asagwire chida asanayende nanu

M'makampani ambiri amene amapita kumaphunziro a chitetezo kuhotela n'kubwerako ndi satifiketi ndi anthu a muofesi. Amene amakwera sikafodi ndi kulowa m'maenje ndi aganyu, omwe mayina awo amangopezeka m'kabuku ka malipiro a Loweruka. Maphunziro a m'kalasi sindikuwanyoza. A TEVETA ndi a bungwe loyang'anira zomangamanga ali ndi gawo lawo, ndipo mmisiri amene anadutsa ku koleji ya Lilongwe Technical kapena ya Soche amadziwika ndi kagwiridwe kake ka chida. Koma satifiketi yopachika muofesi siitulutsa munthu m'ngalande.

Aliyense watsopano, kaya ndi wa tsiku limodzi, kaya ndi mmisiri wa imvi, ndimayenda naye saiti yonse mphindi 15 kapena 20 asanagwire chilichonse. Ndimamuonetsa maenje onse, pamene padutsa nthambo za ESCOM, pamene malole amabwerera chambuyo, pansi pa malo amene pamwamba pake pakugwiridwa ntchito pomwe sitidutsapo, madzi akumwa, chimbudzi, bokosi la chithandizo choyamba. Ndimamufunsa zaka, ndipo ndikakayika ndimapempha chiphaso cha unzika, chifukwa lamulo la zolembana ntchito la 2000 sililola kuti wosakwana zaka 18 agwire ntchito yoopsa. Ndimamutengeranso pambali n'kumufunsa ngati amadwala khunyu, amamva chizungulire kapena amaopa pamwamba. Muyambe mwamuuza kuti simumubweza, mungomupatsa ntchito yapansi, apo ayi akubisirani. Kenako ndimalemba dzina lake ndi nambala ya foni ya m'bale wake m'buku, iye n'kusaina kapena kudinda chala.

Pomaliza ndimanena mawu amene ndinalephera kunena tsiku lija, ndipo ndimawanena anthu ena akumva kuti akhale mboni: "Achimwene, mukaona chokuopsani, siyani ntchito mudzandiitane. Ndalama yanu sidulidwa." Mawu amenewa muwasunge. Mukangodula munthu mmodzi chifukwa anaima, saiti yonse imva lisanalowe dzuwa, ndipo palibe adzaimenso.

Mphindi 10 za m'mawa

Tsiku lililonse tisanayambe timakumana mphindi 10. Mutu ndi umodzi wokha, ndipo ndi wa ntchito ya tsiku lomwelo. Ngati lero tikuthira silabu, sitikamba za denga. Sitikumana pansi pa mtengo wamango ayi, timapita pamalo penipeni pamene pali choopsacho: pansi pa makwerero, m'mphepete mwa ngalande, pafupi ndi mikisala. Timalankhula Chichewa. Ngati pali a Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena amene Chichewa chimawadutsa, mnzawo amamasulira. Zikwangwani za Chingerezi zimene makampani amakhoma pageti n'zokongoletsa chabe kwa munthu amene anasiyira sukulu sitandade 4.

Musafunse kuti "mwamva?" Tonse timayankha kuti "eee bwana" ngakhale sitinamve kanthu, ndi ulemu umene tinakula nawo. Sankhani munthu mmodzi achite anzake akuona. Aimike makwerero. Avale hanesi, malamba aja omangirira munthu kuti asagwe akamagwira ntchito pamwamba. Aonetse mmene angazimitsire jenereta. Akalakwitsa, funsani anzakewo kuti walakwitsa pati, ndipo mudzaona kuti amakumbukira bwino zimene akonza okha kuposa zimene mwalalikira. Kamodzi pa mlungu ndimapereka mpata kwa mmisiri wamkulu kuti akambe yekha. Kalipentala wachikulire akatambasula dzanja la zala zinayi n'kufotokoza mmene chachisanu chinapitira pa sowo yamagetsi, anyamata amakhala chete kuposa mmene amakhalira ndikamalankhula ine.

Pamwamba

Apa ndichedwapo, chifukwa kugwa kuchokera pamwamba ndiko kumapha omanga ambiri kulikonse padziko, ndipo sikufuna nyumba yosanjikizana. Denga la nyumba wamba ndi lokwanira kuthyola msana.

Makwerero ndimaphunzitsa ndi tepi m'manja. Pa mamita 4 aliwonse okwera, miyendo yake italikire mita imodzi kuchoka kukhoma. Apitirire pamene mukutsikirapo ndi mita imodzi kuti mukhale ndi pogwira, ndipo amangidwe kumwamba, kapena wina awagwire pansi mpaka atamangidwa. Pokwera, manja awiri ndi phazi limodzi kapena mapazi awiri ndi dzanja limodzi zikhale pa makwerero nthawi zonse, ndiye kuti ndowa ya daka siikwera ndi munthu, imakwera ndi chingwe. Makwerero athu ambiri timakhoma tokha pa saiti. Palibe vuto, bola timitengo topondapo tilowe m'mphako zosemedwa, tisangodalira misomali iwiri.

Sikafodi yathu kawirikawiri ndi ya mapolo a bulugamu. Ikamangidwa bwino imagwira ntchito, koma onetsani anthu anu zoyang'ana. Mapolo aime pa thabwa lochindikala, osati pa njerwa zosanjikiza kapena pa dothi lofewa. Pakhale mitengo yopingasa yoiletsa kugwedera, ndipo imangiriridwe kukhoma. Popondapo padzaze matabwa, pasakhale thabwa limodzi longa mlatho wa kudimba. Kumbali yakunja kukhale mtengo wotchinga wofika m'chiuno, pafupifupi mita imodzi, wina pakati, ndi kathabwa m'munsi koletsa njerwa kugwera amene ali pansi. Migolo iwiri ndi thabwa pamwamba si sikafodi, ngakhale tonse tinakwerapo. Abilikileya amakonda kuunjikiratu njerwa zambiri pamwamba kuti asamadikire, ndipo apa mpamene matabwa amathyokera. Auzeni adakaboyi kuchuluka kwa njerwa zololedwa pakati pa mapolo awiri, ndipo mukhale kumbali yawo mmisiri akamawakakamiza kuwonjezera. Ikagwa mvula kapena kukaomba chimphepo, sikafodi iyenderedwe kaye munthu asanakwere. Thabwa long'aluka ine ndimalidula pakati ndi sowo onse akuona. Mukangoliponya pambali, mawa mulipeza labwerera pamwamba.

Hanesi anthu amaikonda chifukwa imaoneka bwino pa chithunzi chotumiza kwa abwana pa WhatsApp. Ndaonapo anyamata atavala hanesi, chingwe chake atachikoleka pa lamba wawo womwe. Phunzitsani kuti ikoledwe pa chinthu cholimba chimene chili pamwamba pa munthuyo, osati pa paipi yamadzi kapena pa phaso losakhomedwa. Muyezenso kutalika: pa nyumba yaifupi munthu atha kufika pansi chingwe chisanamugwire, ndiye kumeneko chotchinga m'mphepete chimathandiza kuposa hanesi. Ndipo mugwirizane kale mmene mungamutsitsire akalendewera, chifukwa munthu sayenera kukhalitsa ali lende m'malamba amenewo.

Pa denga, malata a m'mawa amakhala ndi mame ndipo amaterera ngati therere. Dikirani aume. Kukakhala mphepo, lata limodzi limasanduka thanga la ngalawa n'kumukankha amene walinyamula. Mukamakonza nyumba zakale, malata a asibesitosi ndi aja oonekera kuwala sanyamula munthu, ndiye yalani matabwa oyendapo. Nyengo ya dzinja, bingu likangomveka aliyense atsike, musadikire madontho.

M'maenje

Anthu saopa dothi chifukwa anakula akulilima. Ndiye ndimawawerengera ndi chinthu chimene amachidziwa kulemera kwake. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, kapena kuposa likanyowa. Amenewo ndi matumba 30 a simenti a makilogalamu 50. Ndimafunsa kuti ndani angapume atamusanjikiza matumba 30 pachifuwa. Sipakhala woseka.

Dzenje kapena ngalande ikapitirira mita imodzi ndi masentimita 20, mbali zake zichirikizidwe ndi matabwa kapena zisemedwe motsetsereka. M'dothi la mchenga kapena la dambo musadikire n'komwe kufika pamenepo. Dothi lofukula, njerwa ndi mawilibala zitalikire mita imodzi kuchoka m'mphepete, malole atalikire kuposa apo. M'katimo mukhale makwerero pafupi, ndipo pamwamba pakhale munthu amene ntchito yake n'kuyang'ana. Zizindikiro ziphunzitsidwe ndi chala: mng'alu m'mphepete, dothi loyoyoka, madzi otuluka m'khoma, khoma lotupa. Ikagwa mvula, dzenje la dzulo si la lero. Amene munali ku Blantyre mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy mukudziwa zimene dothi lokhuta madzi limachita. Musakumbe motsatira mpanda wa njerwa mpaka kupitirira maziko ake, umagwa wonse nthawi imodzi. Ndipo m'tauni funsani kaye za mapaipi a Water Board ndi nthambo zokwiriridwa piki isanalowe pansi.

Zitsime, matanki ndi masepitiki akale ndi nkhani ina. M'menemo mutha kukhala mpweya woipa kapena mpweya wabwino wochepa, ndipo munthu amangogwa osakuwa. Chovuta kuphunzitsa n'chakuti mnzako akagwa m'menemo usalumphiremo. Mtima umakana, koma kawirikawiri wolumphirayo amakhala maliro achiwiri. Wolowa amangidwe chingwe kuti akokedwe ali kunja. Pampu ya petulo kapena jenereta isalowe m'dzenje kapena m'chipinda chotseka, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha.

Magetsi

Nthambo za ESCOM zimene zimadutsa m'misewu yathu zambiri ndi za mavoti 11,000 kapena 33,000, ndipo sizikutidwa. Mphamvu yotere imatha kudumphira pa chitsulo chisanakhudze n'komwe. Anthu amaganiza kuti poti mbalame zimaterapo ndiye palibe kanthu. Zitsulo za ring'ibimu, malata, makwerero achitsulo, zonsezi zinyamulidwe chogona ndi anthu awiri podutsa pansi pa nthambo, ndipo tipa isatukule bodi pamenepo. Ngati nyumba ikuyandikira nthambo, imani mukalankhule ndi a ESCOM, musayese kuzikankha ndi mtengo.

Zimene zimatipweteka tsiku ndi tsiku ndi zathu zomwe: waya wolowetsa mu soketi ndi timitengo ta machesi, zolumikiza zokulunga ndi jumbo, ekisitenshoni yogona m'chithaphwi. Ndimatenga waya wotere n'kuupereka m'manja mwa aliyense, uli wozimitsa, kuti apeze okha pamene pali vuto. Pa bolodi la magetsi a pa saiti pakhale buleka ija yodzizimitsa yokha magetsi akayamba kudutsa m'thupi la munthu, ndipo batani lake loyesera lizidinidwa. Aliyense adziwe pozimitsira. Munthu akagwidwa ndi magetsi a m'nyumba, zimitsani kaye, zikakanika mukankheni ndi thabwa louma, osati ndi manja. Akagwidwa ndi nthambo zazikulu zija musayandikire n'komwe, imbirani a ESCOM.

Galayinda yochotsedwa chotchinga chake ndimailanda. Amisiri amachotsa kuti alowetse disiki yaikulu, ndipo disiki ikasweka zidutswa zake zimapita kumaso ndi kukhosi.

Simenti ndi fumbi

Izi sizikhetsa magazi tsiku lomwelo, n'chifukwa chake zimanyozeka. Simenti yonyowa imawotcha khungu mwakachetechete. Konkire ikalowa m'jombo m'mawa, munthu samva kanthu, pofika madzulo khungu lasupuka. Othira silabu avale magambutsi, buluku likhale kunja kwa jombo, asagwade m'konkire, ndipo pafupi pakhale madzi oyera osambira. Ikalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 20 musanathamangire kuchipatala. Mphindi 20 n'zambiri kuposa mmene mukuganizira, muyang'ane wotchi. Thumba la simenti linyamulidwe ndi anthu awiri kapena pa wilibala. Anyamata amapikisana kusenza matumba awiriawiri, ndipo msana umadzawakumbutsa akafika zaka 40.

Za fumbi ndimayamba ndi funso: ndani ali ndi agogo amene anapita ku Teba kapena ku Wenela? Manja amakwera nthawi zonse. Ambiri mwa amene anakagwira m'migodi ya golide ku South Africa anabwerako ndi chifuwa chosatha, chifukwa fumbi la miyala linawaumitsa mapapo. Matendawa sachizika, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB. Fumbi lomwelo ndi limene limatuluka tikamadula mabuloko, matailosi ndi konkire ndi galayinda. Dulani mothira madzi ngati chida chikulola, sesani mutawaza madzi, ndipo wodulayo avale masiki yeniyeni ya fumbi yolembedwa FFP2 kapena N95. Kansalu kapena masiki ija ya nthawi ya Covid siitchinga fumbi losalala chotere. Malata a asibesitosi asadulidwe ndi galayinda ngakhale pang'ono, anyowetsedwe n'kuchotsedwa athunthu.

Kumalo otentha ngati ku Chigwa cha Shire, madzi akumwa akhale pafupi ndipo ntchito yolemetsa iyambe mbandakucha. Munthu akayamba kulankhula zosokonekera padzuwa musamuseke kuti waledzera, mutengereni pamthunzi, mumuthire madzi, mupite naye kuchipatala.

Helimeti ndi ya ndani

Lamulo la dziko lino la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito la 1997 limaika udindo pa wolemba ntchito kuti aphunzitse antchito ake, awayang'anire, ndi kuwapatsa zovala zodzitetezera popanda kuwalipiritsa. Ndiye kudula ndalama ya jombo pa malipiro a waganyu n'kulakwa. Ndikudziwa madandaulo a makontirakitala: mukapereka jombo Lolemba, Lachisanu mwazipeza pa msika. Ine ndimalemba nambala pa helimeti ndi jombo iliyonse, munthu amasainira m'mawa n'kubweza poweruka. Mtengo wa zinthuzi ulowe mu kotesheni kuyambira pachiyambi, ndipo inu omangitsa nyumba musamakane mzere umenewo n'kusankha wotchipa amene anthu ake amagwira atavala patapata.

Koma musaganize kuti mukagawa mahelimeti mwamaliza. Helimeti siiletsa njerwa kugwa, kathabwa ka m'mphepete mwa sikafodi ndi kamene kamaletsa. Yambani mwachotsa choopsacho kapena kuchitchinga, chovala chibwere pambuyo. Misomali ya m'matabwa ochotsa pa mashatala, zikombole zothiramo konkire zija, izulidwe kapena ipindidwe nthawi yomweyo, nsonga za zitsulo zoimirira zivundikiridwe, njira zikhale zosesa. Zimenezi sizifuna ndalama.

Kuphunzitsa akapitawo

Tsopano za ife. Akapitawo ambiri anakwezedwa chifukwa ankaika njerwa mwachangu, ndipo palibe anawaphunzitsa kuyang'anira anthu. Ali pakati: kumwamba abwana akufuna silabu ithiridwe Lachisanu, kumunsi anthu akulipidwa potengera mamita amene akumba kapena njerwa zimene aika. Munthu wolipidwa pa mita sangataye ola akuchirikiza ngalande, chifukwa ola limenelo ndi ufa wa ana ake. Ngati mukufuna achirikize, lipirani nthawi yochirikizayo payokha. Ndinachedwa kuzimvetsa zimenezi, ndinkangokalipa.

Kapitawo aphunzitsidwe kuyenda saiti m'mawa anthu asanafike, ali ndi funso limodzi pa ntchito iliyonse ya tsikulo: apa munthu angapwetekeke bwanji, ndipo ndichitepo chiyani asanayambe? Alembe mayankho m'kabuku, ngakhale mizere itatu. Aphunzitsidwenso kukana. Konkire imafika mphamvu imene injiniya anawerengera pa masiku 28, ndipo mitengo yochirikiza silabu imachotsedwa injiniya akanena, osati chifukwa mapolo akufunika pa saiti ina. Abwana akakakamiza, apempheni alembe pa pepala kapena pa foni. Ambiri amabwerera m'mbuyo akamva zolemba. Ndipo eni kampani dziwani kuti kapitawo amene munamunyoza pagulu chifukwa choimitsa ntchito sadzaimitsanso.

Kapitawo mwiniwake avale zimene akuuza ena. Injiniya kapena mwini nyumba akabwera ndi nsapato zonyezimira, apatsidwe helimeti pageti mwaulemu: "Bwana, tavalani iyi, kuno timatero." Anyamata amaona zimenezo.

Pali mawu amene ndimalimbana nawo chaka ndi chaka: "linali tsoka chabe", "inali nthawi yake", nthawi zina mpaka "anamulodza". Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma pa saiti ine ndaona kuti chimaimba, ife ndi amene sitimvera. Njerwa imene yagwa n'kuphonya munthu ndi ng'oma. Makwerero amene aterereka munthu n'kugwira phaso ndi ng'oma. Sindikangana ndi chikhulupiriro cha munthu, ndimangomutengera pa thabwa lothyokalo n'kumuonetsa mfundo imene linathyokera. Zophonya zoterezi zikambidwe m'mawa wotsatira popanda kutchula wolakwa ndi popanda chilango. Mukalanga, adzabisa.

Chimodzi chokha sindinyengerera: mowa ndi chamba. Lolemba m'mawa ndi tsiku lotsatira malipiro ndimapereka moni kwa aliyense pafupi, maso ndi maso. Amene akununkha kachasu sakwera, sagwira makina, abwerere akagone. Ena amati chamba chimawapatsa mphamvu zokumbira. Mwina, koma mng'alu sauona.

Yesezani tsiku loipa lisanafike

Pa saiti pakhale anthu osachepera awiri ophunzira chithandizo choyamba, kuti wina akajomba wina alipo. A Red Cross amaphunzitsa zimenezi. Ena onse adziwe zochepa izi. Munthu wagwa kuchokera pamwamba musamudzutse, musamukhazike, musamunyamule manja ndi miyendo n'kumuponya pa kabaza. Mugwireni mutu usagwedezeke, ndipo ngati palibe ambulansi, anthu angapo amusunthire limodzi pa chitseko kapena thabwa lalikulu, thupi lili chowongoka. Magazi akamatuluka kanikizani pabalapo ndi nsalu yoyera osasiya, musathiremo dothi, simenti kapena mafuta a buleki monga ena amachitira. Wobayidwa ndi msomali atsuke bala n'kupita kukabayitsa jekeseni ya kafumbata tsiku lomwelo. Wokwiriridwa afukulidwe ndi manja ndi mafosholo mosamala kuyambira kumutu ndi pachifuwa, wina akuyang'ana kuti khoma lotsala lisagwerenso ofukulawo.

Mudziwiretu chipatala chapafupi, galimoto imene idzanyamule wovulala, ndi amene ali ndi ndalama ya mafuta. Manambala alembedwe pa khoma la sitolo ndi penti, asakhale m'foni ya munthu mmodzi. Ngozi iliyonse ilembedwe m'buku: tsiku, nthawi, chimene chinachitika, amene anaona. Yaikulu ikanenedwe ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito la 2000 lilipo, koma waganyu amene dzina lake silinalembedwe paliponse amavutika kutsimikiza kuti anavulalira kwa inu. Buku lija la pageti limamuteteza iye, limakutetezaninso inu.

Zonsezi muziyeseze, kamodzi pa miyezi itatu kapena mukangoyamba saiti yatsopano. Uzani munthu mmodzi mwachinsinsi kuti nthawi yakutiyakuti agone pansi pa sikafodi, inu muyang'ane wotchi, muone zimene anthu achite. Ulendo woyamba umene tinayeseza ife, anthu anayi anamunyamula mnyamatayo ngati thumba la chimanga ndisanatsegule pakamwa, dalaivala anali atapita kukagula misomali ndi galimoto, ndipo bokosi la mankhwala linali lokiya, kiyi ali m'thumba la wosunga sitolo amene anali atatumidwa ku Malangalanga. Titathyola loko tinapezamo bandeji imodzi, Panado wotha nthawi ndi malisiti a simenti. Madzulo omwewo ndinakagula zofunika, bokosilo ndinalikhoma panja pa sitolo pansi pa kachidutswa ka lata kotchinga mvula, ndipo loko sindinabwezerepo.